Foni ya Amayi mu Kilaudi

Tsiku limene anauzidwa kuti ntchito yake ikutha kumapeto kwa mwezi, Zala anali ndi foni m'dzanja lililonse. Abwana sanakhale n'komwe pansi. Anangoloza mafoni khumi ndi anayi amene anali ndandanda patebulo lake n'kunena kuti, "Kuyambira mwezi wamawa izi azichita ndi makina. Musadandaule, kalata yokuyamikirani tikulemberani yabwino."

Kalata! Munthu amadya kalata?

Inu amene mukuwerenga, dziwani kaye kuti Zala anali ndani. Mayeso omaliza a sekondale anawalephera kawiri. Zaka zisanu ndi ziwiri anakhala m'kashopu kokonzera mafoni, kusintha magalasi osweka ndi kuumitsa mafoni ogwera m'beseni. Kenako kampani ina yopanga mapulogalamu a pafoni inamulemba ntchito yoyesa. Pulogalamu ikapangidwa, iye ankaiika m'mafoni onse aja n'kumadina batani lililonse, m'mawa mpaka madzulo, kuona pamene ikuvuta. Dzina loti Zala linachokera pamenepo.

Koma chimene chinamubaya kwambiri sichinali kutha kwa ntchito ayi. Wobweretsa makinawo anali mng'ono wake, wobadwa naye bere limodzi. Mwana amene iye ankamupukuta mamina! Ameneyo anapita ku yunivesite, ndipo pakampanipo analowa chifukwa Zala yemweyo anamutsina khutu kuti pali malo. Tsopano anali ndi mpando wozungulira pafupi ndi windo, anthu n'kumamuitana kuti madamu. Mumtima mwake Zala ankamutcha Adigiri.

Ndisakunamizeni, nsanje inamugwira mayiyu. Adigiri akaseka ndi abwana, Zala ankamva ngati akuseka iye. Akavala nsapato zatsopano, Zala ankazipezera chilema. Ngakhale tiyi wa pa ofesi ankaona ngati wa Adigiri aikamo shuga wambiri.

Makinawo anali otere. Kutali kwinakwake kuli nyumba yodzaza mafoni mazanamazana olumikizidwa pa intaneti, ndipo anthu a ntchitoyi amangoti ndi kilaudi. Umatumizako pulogalamu yako, makina n'kudina mabatani onse okha. Zikayenda bwino pakompyuta pamaoneka zobiriwira, zikavuta zofiira. Zimene Zala ankachita sabata yathunthu, kilaudi inkamaliza tiyi asanazizire.

Nthawi imeneyo kampani inkamaliza pulogalamu yokumbutsa odwala kumwa mankhwala. Foni ikalira, wodwala amamwa piritsi n'kudina batani lolembedwa kuti "Ndamwa". Adigiri, amene anaipanga, anaiyesa mu kilaudi, ndipo mzere wonse unatuluka wobiriwira. Ofesi yonse inaomba m'manja. Zala anaomba ndi zala ziwiri zokha.

Lamlungu anapita kukaona amayi ake, amene anali ndi matenda othamanga magazi. Amayiwo anamukokera kuchipinda n'kumupatsa foni yawo.

"Taona chinthu anandiikira mng'ono wakochi. Chimangolira, koma podina sindipaona. Ndachizimitsa ine. Koma usamuuze, angakhumudwe mwanayo."

Angakhumudwe mwanayo! Nanga iye, amene ntchito inali kumuthera, anali mtengo?

Zala anaiyang'ana foniyo n'kuona vuto nthawi yomweyo. Amayi anakulitsa zilembo chifukwa maso anatopa, ndiye batani lija linakankhidwira pansi, kunja kwa galasi. Foniyo inali yakale, yodzaza thothotho ndi zithunzi za adzukulu ndi nyimbo za kwaya, netiweki yake yochita kukoka. Mafoni otere iye anawagwira zikwizikwi m'kashopu kaja. Koma a mu kilaudi anali atsopano, opanda kanthu m'kati, zilembo zazing'ono, netiweki yothamanga. Adigiri anawasiya momwe anawapezera, osasintha chilichonse.

Kodi Zala anathamanga kukanena? Ayi ndithu. Anakhala chete masiku atatu, ndipo chetecheteyo ankamukoma. Ankaganizira tsiku limene madandaulo adzayambe kubwera, Adigiri ataima pamaso pa abwana pakamwa pali yasa.

Lachitatu pochoka kuntchito anadutsanso kwa amayi. Anawapeza atagona pasofa, atamanga nsalu kumutu. Anatenga paketi ya mankhwala n'kupeza mapiritsi atatu amene anayenera kukhala atamwedwa ali momwemo. Manyazi amene anamugwira tsiku limenelo sanawaiwale mpaka lero. Iye ankadikira kuti mng'ono wake agwe, koma amene anayamba kugwa anali amayi ake.

M'mawa mwake anapita pawindo paja n'kufotokoza zonse.

"Asisi, mayeso onse ndi obiriwira," anatero Adigiri, maso ali pakompyuta. "Foni ya amayi ndi yakale basi. Tiwagulira ina."

"Ndiye ugulira odwala onse?"

"Abwana amakhulupirira zimene zatuluka mu kilaudi, osati nkhani za foni imodzi."

"Chabwino. Nditsegulire kilaudi yakoyo."

Adigiri anaseka pang'ono, koma anamutsegulira. Kuseka kumeneko Zala anakusunga.

Anali ndi masabata awiri okha. Ankafika m'mawa wosesa asanamalize, ndipo masana anzake akapita kukadya iye ankatsala, buledi kudzanja lamanzere, kuwerenga malangizo a kilaudi mzere ndi mzere. Mawu ena ankawawerenga kasanu asanawamve. Anapeza kuti munthu atha kulemba fayilo youza makina aja mmene akonzere foni mayeso asanayambe: sankha foni yakale, kulitsa zilembo, dzaza malo onse, chepetsa liwiro la netiweki, kenako yesa, ukamaliza bwezera zonse m'malo mwake.

Kulemba kunali kwina, kuti zitheke kunalinso kwina. Koyamba makina anaikana fayiloyo asanaiwerenge n'komwe mpaka pansi. Kachisanu anadzaza foni mopitirira, pulogalamu yoti iyesedwe n'kusowa polowa. Kachisanu ndi chinayi anasokoneza ndondomeko, zilembo n'kumakula mayeso atatha kale. Tsiku lina analowa m'bafa n'kulira, akudziuza kuti wolephera mayeso ndi wolephera basi. Atatuluka anaona Adigiri akuzungulira pampando uja, akuseka pafoni. Misozi inauma yokha, anabwerera patebulo.

Ulendo wa khumi ndi chisanu ndi chiwiri, kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe, mzere unatuluka wofiira psuu. Makina analemba okha kuti batani la "Ndamwa" silikupezeka, n'kuika chithunzi chofanana ndendende ndi zimene amayi ankaona. Munthu sanakondwerepo ndi zofiira ngati mmene anakondwerera Zala.

Mawa lake kunali msonkhano wa onse, ndipo mtima unamuuza kuti akazitulutsire komweko, anthu aone. Unamuuza kawiri, katatu. Koma anakumbukira nsalu ija kumutu kwa amayi, n'kumuitana mng'ono wake.

Adigiri anayang'ana mzere wofiirawo ndi chithunzi chija. Kenako ananyamuka, n'kumugwira mkulu wake dzanja mpaka mu ofesi ya abwana.

"Bwana, pulogalamu isatuluke kaye. Ndinayesa pa mafoni amene odwala athu alibe. Amene apeza vutoli ndi asisi angawa, ndipo fayilo alemba okha."

Abwana anawerenga fayiloyo, anakanda m'mutu, n'kufunsa kuti, "Mungapange zina zotere? Za mafoni a mitundu ina?"

"Mitundu yake ingati?" anatero Zala. "Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri za mafoni ovuta m'mutu muno."

Kalata ija sinalembedwe. Batani linakonzedwa sabata yomweyo, ndipo lero palibe pulogalamu imene imatuluka pakampanipo isanadutse m'mafayilo a Zala. Yoyamba ija anaipatsa dzina loti Foni ya Amayi, ndipo anthu amaiopa kuposa abwana.

Potuluka mu ofesimo, pamasitepe, Zala anaulula. "Iwe, ine ndinkakuchitira nsanje. Ndinadziwa Lamlungu, ndinakhala chete mpaka Lachinayi."

Mng'ono wake anaima. "Inu? Nanga ine ndiziti chiyani? Ine amayi amangondionetsa kwa alendo. Chinthu chikavuta amaitana inu. Pulogalamu ndinapanga ine, koma atalephera kudina anakokera inu kuchipinda."

Zaka zonsezo Zala ankasirira mpando wa pawindo, osadziwa kuti wokhala pampandopo akusirira kukokeredwa kuchipinda.

Tsono inu amene mwakhala pakona lero, mukuyang'ana mnzanu akuomberedwa m'manja, sindikuuzani kuti nsanje simudzaimva. Mudzaimva ndithu, imapweteka. Koma musaisunge masiku atatu ngati Zala, chifukwa amene imamupweteka poyamba nthawi zambiri ndi munthu amene simunamuganizire. Zaka zimene mukuziona ngati zotayika zakuphunzitsani chinachake chimene wa pawindo sachidziwa. Chitengeni, phunzirani kuchilemba m'njira imene dziko lingachimve, ndipo chikakana kakhumi ndi kasanu ndi kamodzi, mtima usagwe. Yesaninso kamodzi.