Makoma a Atate

Ndinapita ku Lusaka koyamba nthawi ya Chitaganya, ndili ndi mwana mmodzi kumsana. Sindinapitire kukaona tauni. Amayi ndiwo anandituma kwa atate, amene anachoka kwathu ku Katete ine ndisanathe msinkhu, n'kukhala kumeneko zaka khumi ndi ziwiri akumanga nyumba. Anthu obwera kumudzi anatiuza kuti akutsokomola kwambiri ndipo ntchito anawaimitsa.

"Ukawauze kuti abwere, tidzawadwazike kuno," anatero amayi. "Akakana usakalimbane nawo. Koma ukawauze."

Basi inatitengera masiku awiri, m'fumbi ndi m'mapiri a ku Luangwa, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mutu. Pofika ku Kanyama, komboni imene atate ankakhala, miyendo yanga inali itatupa. Nyumba za kumeneko zinali za zidina, madenga ake a migolo yophwanya, yotsinjiridwa ndi miyala. Paliponse pansi panali miyala yoyera yotumphuka, ndi maenje amene anthu ankakumbamo miyala yogulitsa.

Pakhomo pa atate ndinalandiridwa ndi mayi wina wamtali, wa mtundu wa Alenje. Ndinkadziwa kale kuti atate akukhala ndi mkazi wina, ndipo panjira ponse ndinali nditakonza nkhope yoti ndikamuonetse. Iye anangondimasula mwana kumsana, n'kunditenthetsera madzi.

"Sambani, mwalema," anatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Batate banu bamakamba za imwe masiku yonse."

Atate anatuluka atagwira khoma. Anali atawonda moti ndinawazindikira ndi mawu okha. Ndinagwada, tinalonjerana, anafunsa za mvula, za achibale, za mwamuna wanga amene anali asanamuonepo. Ankanditchula kuti inu, popeza tsopano ndinali mayi wa pabanja. Nditayamba kunena kuti amayi andituma, anakweza dzanja.

"Zimenezo tidzakamba. Mawa ndikuonetseni kaye tauni. Mungabwere ulendo wonsewu osaona Kairo Rodi? Mukawauza chiyani anzanu?"

Mayi uja anati, "Simuzakwanisa kuyenda, imwe." Atate anachita ngati sanamve.

Kutacha anavala jekete ndi chipewa, nsapato atazipukuta. Jeketeyo inkawalendewera m'mapewa. Ine ndinkafuna kugona tsiku lonse, koma ndinabereka mwana n'kuwatsata. Tinayenda m'kanjira ka fumbi pamodzi ndi chikhamu cha anthu opita ku ntchito, njinga zikutipyola uku ndi uku. Atate ankayenda pang'ono, n'kuima ngati akufuna kundilozera kanthu, koma ndinaona kuti akungopezera mpweya.

Kairo Rodi unali msewu waukulu kuposa bwalo lililonse limene ndinalionapo. Magalimoto anali ndandanda, masitolo a magalasi mbali imodzi, ndipo m'magalasimo munaima zidole zazitali ngati anthu, zitavala madiresi. Ndinaima kuyang'ana diresi ina yobiriwira. Atate sanayang'ane n'komwe. Iwo anapita pangodya ya sitoloyo n'kuika chikhato pakhoma.

"Bwerani muone. Khoma ili ndinamanga ine. Imani apa, mutsinzine diso limodzi, muyang'ane kukwera m'mwamba. Mwaona pokhota?"

"Iyayi, atate."

"Simungapaone. Chingwe ndinkakoka ndekha."

Tinayenda chomwecho msewu wonse. Pa banki anandionetsa masitepe. Pa hotela anandionetsa zipilala zitatu, n'kunena kuti chachinayicho anamanga mnzawo wina waulesi, ndipo anandizungulitsa kuti ndione pamene simenti inachuluka. Tili pomwepo mlonda anabwera n'kutiuza kuti tisaime pakhonde. Atate anavula chipewa, anati, "Tikupita, bwana," ngakhale mlondayo anali msinkhu wa mwana wawo. Titapatuka anapitiriza nkhani ya zipilala ngati palibe chachitika.

Mkati mwa nyumba zonsezo sitinalowemo. Pamene mwana anayamba kulira, atate anati andigulire banzi, ndipo tinazungulira kumbali kwa sitolo ina kumene kunali kazenera kakang'ono. Anthu akuda ankagulira pamenepo. Tinaima pamzere padzuwa nthawi yaitali, thukuta likutsika m'miyendo, kwinaku azimayi achizungu akulowa ndi kutuluka pakhomo la kumaso. Palibe amene ankadandaula. Bambo wina patsogolo pathu ankawodzera ali chiimire.

Ndinati, "Atate, tiyeni tizibwerera. Ndaona."

"Mwaona chiyani? Kumtunda simunafike. Kumene kuli tauni yeniyeni n'kumtunda."

Tinawoloka njanji n'kuyamba chitunda cha ku Rijiwe, kumene kunali maofesi a boma ndi nyumba za akuluakulu. Msewuwo ndi wautali, ndipo masiku ano ndikaudutsa pa minibasi ndimadabwa kuti tinauyenda bwanji. Mitengo ya jakaranda inali itagwetsa maluwa pansi. Kunali zii. Mipanda inali yodulidwa bwino, udzu wobiriwira pakati pa chilimwe, madzi akuwazidwa ndi mapaipi. Kunali kokongola, sindingakane. Koma pokhala panalibe, ndipo ludzu linali litandigwira.

Tinafika pamene ankamanga nyumba ina yosanja. Atate anaima tsidya lina la msewu n'kumayang'ana amisiri ali pamwamba pa matabwa, akuponyerana njerwa. Mmodzi wa iwo, bambo wa imvi, anawaona n'kufuula.

"Mudala! Mwapola?"

"Ndachira!" anayankha atate. "Lolemba ndikubwera!"

Kufuulako kunawadzutsira chifuwa. Anatsokomola mpaka anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande, chipewa n'kugwa. Anapukuta pakamwa ndi kansalu n'kukabisa msanga m'thumba, koma ndinali nditaona kale magazi amene analipo. Mayi wina wolera ana a azungu, amene ankadutsa ndi kangolo ka mwana, anatilozera kumbuyo kwa mpanda wa mabwana ake, n'kutitulutsira madzi m'chitini. Atate anamwa pang'onopang'ono. Ine ndinakhala pambali pawo, ndinayamwitsa mwana, ndipo ndinaona kuti ndikadikira malo abwino oti tikambirane sindiwapeza.

"Atate, amayi akuti mubwere kumudzi. Akuti adzakudwazikani."

Anayang'ana amisiri aja.

"Amayi anu akugonabe m'nyumba ija ndinaisiya?"

"Inagwa. Amalume anawamangira ina."

"Ya udzu?"

"Ya udzu."

Anagwedeza mutu. "Ndinkati ndikadzabwera ndidzawamangira ya njerwa, ya mazenera anayi. Chaka chilichonse ndinkati chaka chamawa. Tsopano ndikafike ndi chifuwa chokhachi? Anthu akandifunse kuti zaka zonsezi munkatani?"

"Palibe amene akakufunseni."

"Sakafunsa ndi pakamwa." Anatola chipewa n'kuchikuntha. "Ndiponso mayi mwamuona uja wandisamala. Ndi iye amene amaphwanya miyala kuti tidye. Ndingodzuka n'kumusiya ngati ndikusiya malo a ntchito?"

Mkwiyo umene ndinaunyamula kuchokera kwathu ndinaufunafuna mumtima, koma ndinali nditatopa kwambiri moti sindinaupeze.

Pobwerera tinatsikira ku Kamwala, kumene kunali masitolo a amwenye ndi msika. Kumeneko n'kumene ndinakukonda. Anthu ankalowa m'sitolo pakhomo, kugwira nsalu ndi manja, kutsutsana mtengo. Matelala anali ndandanda m'makonde, makina akulira. Kunkanunkha nsomba zouma, sopo ndi mafuta a nyale. Ndinamva Chibemba, Chitonga, Chilozi, ndi Chinyanja chothamanga chimene ndinkachigwira mwa apo ndi apo. Mayi wina wogulitsa munkoyo, chakumwa chonga thobwa, atamva kalankhulidwe kanga anati, "Ndimwe a kum'mawa, imwe," n'kutisunthira benchi.

Atate anamwa theka la chikho. Anayamba kundiuza kuti kuseri kwa msikawo kuli nyumba inanso yoti ndione, koma mawu anathera pakati. Anali atatsamira chipilala, pakamwa pali yasa, akugona. Ndinawachotsa chikho m'manja. Manjawo anali oyera m'ming'alu, khungu lolimba ngati la chidendene.

Sindinawadzutse. Ndinavula nsapato, ndinatambasula miyendo, mwana anagona pamiyendo panga. Telala wa pafupi nafe ankasoka diresi la ukwati, ndipo ndinamuonerera mpaka anamaliza mkono umodzi n'kuyamba wina. Dzuwa litapendeka, mayi wa munkoyo uja anaitana mlamu wake wa njinga, amene ankakhala cha ku Kanyama komweko. Tinawakweza atate pakaliyala, mwini njinga akukankha, ine ndikuwagwirira kumsana. Sanakane. Pamene tinkawoloka Kairo Rodi anati, "Ya positi ofesi sindinakuonetseni."

Ndinakhalako masiku ena atatu. Atate sanadzuke pamphasa, ndipo nkhani ya kumudzi sitinaibwerezenso. Tsiku lonyamuka amene anandiperekeza ku basi anali mayi wamtali uja wa kwa atate, atandisenzera katundu. Basi ili pafupi kunyamuka anandigwira dzanja pazenera.

"Muuze bamai banu basadandaule. Batate banu bakakana, nizabaleta neka."

Sindinakhulupirire kuti angawabweretse yekha kumudzi. Koma chaka chotsatira, anthu atamaliza kukolola, tinangoona ngolo ikuchokera kumsewu, atate atagona pamatumba, mayi uja akuyenda pambali. Amayi anatuluka, anayang'ana mwamuna wawo, anayang'ana mlendoyo, kenaka anandituma kuti ndikasese m'nyumba ya amalume. Azimayi awiriwo anadwazika atate mosinthana miyezi inayi. Sankacheza kwambiri, koma kumtondo ankasinja limodzi. Maliro atatha, mayi uja anadikira mpaka tsiku lometa, ndipo m'mawa mwake amayi anamuperekeza okha mpaka kumsewu, atamusenzera dengu la mtedza.