Windo Loyang'ana Kumpoto

Ine ndine Hamaoka, ndimagulitsa mawindo ndi zitseko kuno ku Asahikawa, ndipo amisiri omanga nyumba a dera lino ndimawazindikira ndi kutsokomola komwe. Koma munthu amene ndikufuna kusimba sanagwirepo sowo kapena hamala. Ndi a Nonomura Chizuru, akazi a kalipentala Tokuji.

A Chizuru anabadwira ku Ashibetsu, m'nyumba za mdadada za ogwira ntchito mumgodi. Malasha analipo ambiri, mbaula sinkazima, koma makoma anali a matabwa opyapyala. Moto unkawotcha nkhope, msana uli zii. Amati m'mawa ankapeza chipale chofewa chitalowa m'ming'alu n'kujambula kamzere koyera pafupi ndi pilo. Mgodi utatsekedwa banja lonse linasamukira kuno, iwo n'kuyamba ntchito pasitolo ya matabwa. A Tokuji, ali mnyamata, ankabwera kudzagula thabwa limodzilimodzi, mpaka mwini sitolo anatopa nawo.

"Akulu, funsirani basi. Mukutithera nsapato ndi kathabwa kanu kamodzi."

Atakwatirana, a Chizuru ankayankha foni ya kakampani ka amuna awo, kuwiritsira anyamata a ntchito tiyi ndi kulera ana aakazi awiri. Moyo unayenda choncho mpaka imvi zinayamba.

Kenako boma linakhwimitsa lamulo: nyumba yatsopano isamangidwe omanga asanasonyeze kuchuluka kwa kutentha kumene idzataye. Makampani akuluakulu anali ndi anthu awo a masamu, koma amisiri ang'onoang'ono anagwira njakata. A Tokuji anatenga buku la malamulowo n'kukhazikapo mphika wa maluwa. A Chizuru anachotsa mphikawo, kupukuta bukulo, n'kukalembetsa maphunziro kubungwe la amisiri. M'kalasimo mayi anali iwo okha. Pomatha nyengo yachisanu imeneyo, abambo aja ndi amene ankasuzumira pa pepala lawo.

Tsiku lina anandifotokozera ntchito yonse ali chiimire m'sitolo mwanga.

"Si zovuta, a Hamaoka. Nyumba ndi chidebe chodontha. Kutentha kumathawira padenga, pakhoma, pansi, pachitseko, pawindo. Chilichonse chili ndi nambala yake ya kadonthedwe. Muyeze kukula kwake, muchulukitse ndi nambalayo, muphatikize zonse, mugawe ndi kukula kwa kunja konse kwa nyumba. Yankho likadumpha mzere wa boma, simumanga. Ndipo chibowo chachikulu ndi katundu wanuyu."

"Ndiye mukufuna nditseke sitolo?"

"Ayi. Ndikufuna musiye kugulitsa zinyalala."

Sindinakwiye, poti ankanena zoona.

Ntchito imene inawatchukitsa inali ya mayi Ebisawa, mlimi wa mpunga wa ku Toma. Mayiyu anali wamasiye wolimba, woyendetsa yekha thirakitala, mpaka tsiku limene inagudubuzikira nawo m'ngalande n'kuwathyola msana. Anabwerera kwawo pa chikuku cha olumala. Nyumba yakale inali ya masitepe komanso yozizira, choncho mwana wawo wamwamuna anaganiza zowamangira ina yopanda chipinda cham'mwamba. Mayiwo anapempha chinthu chimodzi: windo lalikulu, pafupifupi khoma lathunthu, loyang'ana kuminda. Vuto linali lakuti mindayo ili kumpoto. Kuno mwana aliyense amadziwa kuti windo lalikulu limayang'ana kumwera, kumene dzuwa limalowera m'nyumba. Makampani awiri anakana.

A Chizuru ndi a Tokuji popita kukaona malowo ananditenga. Mayi Ebisawa sanachedwe ndi malonje.

"Kumwera kuli msewu ndi shedi ya aneba. Moyo wanga wonse ndayang'ana minda iyo. Nditsirize ndikuwerenga dzimbiri pa malata a munthu wina? Komanso mwana wangayu, ukangomusiya, mizere ya mpunga amaikhotetsa."

A Chizuru anagwada pambali pa chikukucho mpaka maso awo analingana ndi a mayiwo, n'kuyang'ana kumindako kwa kanthawi.

"Windo liyambire m'mawondo mwanu," anatero. "Likayambira pamwamba, muziona mapiri okha, madzi a m'munda osawaona. Timanga, mayi."

Tili m'galimoto pobwerera, a Tokuji anadzudzula akazi awo.

"Mayi, mwalonjeza musanawerenge."

"Ndawerenga theka m'mutu, bambo. Theka linalo ndi lanu."

Yankho loyamba linadumpha mzere patali. A Tokuji anati windo lichepe. A Chizuru anati windo ndiye nyumbayo, zina zonse zilitsate. Anandiimbira foni kuti ndipeze la magalasi atatu ophatikiza, la felemu ya pulasitiki yosadutsitsa chisanu. Nambala inatsika, koma osakwana. Anawonjezera ubweya wagalasi kudenga, uja timayala kuti kutentha kusathawe, mpaka a Tokuji anadandaula kuti akumanga nyumba yovala bulangeti. Anakuta makoma kawiri, m'kati ndi kunja. Anakuta maziko. Kawindo ka mukolido anakafufuta, ka kubafa anakachepetsa. Chilichonse chimene windo lalikulu linkataya, ankakachitola pena, ngati munthu wotola nyemba zomwazika. Pomaliza yankho linatsala pamwamba pa mzere pang'ono chabe, ngati tsitsi.

Chotsala chinali chimodzi, ndipo tonse tinkachidziwa koma tinkachilambalala. Nyumba iliyonse ya a Tokuji imadziwika ndi chitseko chakumaso. Amachipanga okha ndi mtengo wa oki, n'kuikapo timagalasi tating'ono ndi zosema m'mphepete. Anthu amaima pamsewu kuchiyang'ana. Koma chitseko chopangidwa pamanja chilibe umboni wa kuyesedwa, choncho powerenga chimapatsidwa nambala yoipa. Cha kufakitale, chokhala ndi zofunditsa m'kati, chikanatsitsa yankho pansi pa mzere.

Nkhaniyi inaphulikira m'sitolo mwanga masana ena, tikudya mbatata yowotcha.

"Bambo, chitseko chanu sichilowa," anatero a Chizuru.

A Tokuji anaika mbatata pansi. "Chitseko changa chinaphapo munthu ndi chisanu?"

"Sichinaphe. Koma chikudontha, ndipo ndilibe pena potola."

"Ndiye ndiike chinthu cha a Hamaoka ichi, chooneka ngati chitseko cha firiji?"

"Firiji imasunga zam'kati, bambo. N'chifukwa chake ndikuchifuna."

Ine ndinayamba kusenda mbatata yanga mosamala kwambiri.

"Lembani nambala ina," anatero a Tokuji motsitsa mawu. "Kusiyana kwake ndi tsitsi, mwanena nokha. Akhonsolo adzabwera kudzanunkhiza chitseko?"

"Sadzabwera. Koma mayi aja adzakhala pafupi ndi galasi tsiku lonse, miyendo yosamva. Akazizidwa sadzadziwa mpaka atadwala. Ine sindikuwerengera akhonsolo."

A Tokuji anavala chipewa n'kutuluka. Sabata yonseyo ankadya chimene apatsidwa osanena kanthu. Ndinafunsa a Chizuru ngati sakuopa kuti ntchito iwonongeka.

"Asiyeni," anatero. "Bambo aja akakhala chete ndiye kuti mutu ukugwira ntchito. Akamalongolola m'pamene ndimada nkhawa."

Ankawadziwa amuna awo. M'mawa wina a Tokuji anaponya kachidutswa ka pulayiwudi patebulo, atajambulapo ndi pensulo. Kunja kwa khomo anawonjezera kachipinda kotchinga mphepo, kotakasuka moti chikuku n'kutembenukiramo, kokhala ndi njira yotsetsereka m'malo mwa masitepe. Chitseko cha kufakitale chinali m'kati, pakhoma lenileni la nyumba. Cha oki chinali kunja, poonekera kumsewu.

"Kachipinda aka sikalowa m'masamu anu, si choncho?"

"Sikalowa. Kali kunja kwa bulangeti."

"Ndiye firiji yanuyo ibisale kumbuyo, anthu asaione."

A Chizuru anawerenganso, yankho n'kugwera pansi pa mzere. Akhonsolo anavomereza pulaniyo osaibweza, ndipo denga linakwera chipale chofewa choyamba chisanagwe.

Ndinapitako pakati pa Januwale kukaona ngati galasi likuchita thukuta. Kunja mphuno zinkamatana ndi chisanu popuma. M'nyumba ndinapeza mayi Ebisawa atavala juzi yopyapyala, atayandikiza chikuku pawindo, akuyang'ana nkhandwe ikudula minda yoyera. Galasi linali louma. Anandiuza kuti thanki ya palafini wotenthetsera nyumba, imene kunyumba yakale inkatha mwamsanga, kuno ikuchita ulesi. Nthawi yowokera mpunga itafika, mwana wawo anakumana nane pamsika n'kundigwira mkono.

"Windo lanu lija landisowetsa mtendere. Ndikangokhota pang'ono, foni m'thumba yayamba kulira."

Kuchokera apo amisiri ang'onoang'ono anayamba kubweretsa mapulani awo kwa a Chizuru. Loweruka amaphunzitsa kubungwe lomwe lija, ndipo salola munthu kutsegula kompyuta asanawerenge khoma limodzi pamanja. Amati makina amayankha msanga, koma sakuuza ukawapatsa funso lolakwika.

Chaka chatha anawerengera nyumba yawo yomwe, imene a Tokuji anamanga kalekale malamulo asanabwere. Yankho linali lochititsa manyazi. A Tokuji analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapita kushedi kukatenga chitsulo chokanulira matabwa. Panopa khoma la kumadzulo lili pululu, ndipo awiriwo akugona m'chipinda chochezera. Mawindo ake afika sabata yamawa. A Chizuru andiuza kuti ndibwere ndi magolovesi, chifukwa onyamula ndife awiri, ine ndi a Tokuji, ngakhale tonse mawondo anatha.