Myuziyamu ya Sitima Kuseri kwa Msika wa Rufunsa

Ku Rufunsa kulibe njanji. Kuno kumadutsa mabasi ndi mathiraki a pamsewu waukulu wopita ku Chipata, ndipo ana ambiri a m'kalasi mwanga sitima anangoionera pa foni. Koma anthu a panjanji alipo. Anachoka m'midzi ino ali anyamata, anakagwira ntchito ku Kabwe, ku Livingstone ndi kumigodi, ndipo atapuma kapena atachotsedwa ntchito anabwerera kudzalima chimanga.

Ine ndinakulira m'komboni ya anthu a panjanji ku Kabwe. Atate anga anali fayamani, munthu woponya malasha m'ng'anjo ya injini, ndipo amayi ankachapa maovolosi awo m'beseni lapadera chifukwa mwaye wake unkadetsa zovala zonse. Ku Rufunsa ndinabwera ngati mphunzitsi, wotumizidwa ndi boma, ndipo za sitima ndinali nditaziika pambali.

Zinayambira pamaliro ku Chinyunyu. Amene anamwalira anali atate a mphunzitsi mnzanga, amene kale anali gadi wa sitima ya katundu. Titachoka kumanda, abale anatulutsa katundu wa malemu kuti agawane. Njinga, mabulangete ndi makasu zinapeza eni mofulumira. Pamphasa panatsala nyali yachitsulo ya magalasi ofiira ndi obiriwira, mbendera ziwiri zokulunga, ndi chipewa chakuda. Mphwawo wina anati nyaliyo ipite kwa anthu ogula zitsulo zakale amene amabwera kuchokera ku Lusaka. Ine ndinapempha kuti andipatse. Sindinali ndi pulani iliyonse. Nyali yotero inkakhala pamwamba pa kabati kwa aneba athu ku Kabwe, basi.

Pamaliro omwewo panali madala awiri amene anandiona ndikunyamula nyaliyo, ndipo aliyense anabwera payekha kudzandifunsa kuti ndine mwana wa ndani. Woyamba anali wamtali, wovala jekete ngakhale kunkatentha. Anali dalaivala wa sitima, anayendetsapo ya malasha kenako ya dizilo. Wachiwiri anali wamfupi, wa manja akuluakulu osweka, kapitao wa gulu lokonza njanji. Ndinaona kuti sanapatsane moni, koma ndinangoti mwina sadziwana.

Loweruka lina ndinawaitana onse kusukulu, pamodzi ndi ena amene anawadziwa. Sitinali ambiri: madala ena ochepa, akazi amasiye a anthu a panjanji, mphunzitsi mnzanga uja, ndi ine. Aliyense anabwera ndi chimene anasunga. Wina wezulo, wina sipanala yaitali ngati mkono, wina bulangete la m'bogi yogona. Anandisankha kukhala wapampando. Chifukwa chimene ananena poyera n'chakuti ndinali ndi kiyi wa kalasi. Chifukwa chenicheni ndinachimva pambuyo pake kwa mmodzi wa amayi aja: ba dalaivala sakanalola kutsogoleredwa ndi ba kapitao, ndipo ba kapitao sakanalola kutsogoleredwa ndi ba dalaivala.

Nkhani yake inali yotere. Kalekale, nthawi ya mvula, sitima ya chimanga inagwa pakona ina kummwera. Palibe amene anafa, koma injini inagona chammbali ndipo mabogi anamwaza matumba m'dambo. Woyendetsa anali ba dalaivala. Chigawo cha njanji chimenecho chinali m'manja mwa ba kapitao. Akuluakulu a ntchito analanga onse awiri: mmodzi anamuchotsa pa maulendo aatali n'kumuika pokankha mabogi m'yadi, winayo anamusamutsira ku kasiteshoni ka m'tchire komwe ana ake analibe sukulu. Ba dalaivala ankati njanji inali itafumbutuka pansi. Ba kapitao ankati sitima inathamanga. Midzi yawo ndi yoyandikana, amapemphera tchalitchi chimodzi, koma kuyambira pamenepo sanalankhulane.

Chaka choyamba tinangosonkhanitsa zinthu ndi kumvera nkhani. Ine ndinkajambula mawu pa foni. Zinthuzo zitadzaza kabati ya m'kalasi, a hedi anandiuza mwaulemu kuti kabatiyo ndi ya mabuku. Pamenepo m'pamene tinaganiza za myuziyamu, nyumba yosungiramo zinthu zakale yoti anthu azidzaona. Kuseri kwa msika kunali sitolo yakale ya chimanga imene inasiyidwa, makoma ali bwino koma malata a mbali imodzi atachoka ndi mphepo. Tinapempha ku khonsolo, tinadikira miyezi, ndipo anatilola kuigwiritsa ntchito.

Ba dalaivala ankafuna injini yeniyeni. "Ba ticha," anandiuza, "myuziyamu ya sitima yopanda injini ili ngati tchalitchi chopanda guwa. Ku Kabwe zilipo zambiri, zikungodyedwa ndi dzimbiri. Pitani mukapemphe."

Ndinapita pa holide. Munthu amene ndinalankhula naye anandilandira bwino, anandiyendetsa m'yadi momwe atate anga ankagwira ntchito, ndipo anandifotokozera kuti ngakhale atatipatsa injini lero, galimoto yoti iinyamule ndi makina oikwezera sitingazikwanitse. Ndinabwerako ndi chikwangwani cha pasiteshoni chothethekatheka ndi bokosi la matikiti akale a katoni. Ba dalaivala anayang'ana matikitiwo n'kunena kuti, "Ndiye injini yathu imeneyi?"

Njanji inapezeka kumene sitinkayembekezera. Bambo wina wa kutchalitchi, wootcha makala, anatiuza kuti kumapiri a mbali ya Mpanshya kuli mgodi wakale wosiyidwa, ndipo pafupi pake anaonapo tinjanji tating'ono ta ngolo zotulutsira miyala. Ba kapitao atamva anafuna kupita mawa lake lomwe. Tinadikira kuti mvula ithe ndi mitsinje iphwe, ndipo tinapita ndi chikochikale chokokedwa ndi ng'ombe cha mlamu wa ba kapitao. Ba dalaivala anakana, anati iwo sanayendetsepo zidole.

Pamgodipo tinangopeza dzenje ndi udzu. Tinjanjito tinali pamudzi wina wapafupi, pa amayi ena achikulire amene ankakhala ndi zidzukulu. Malemu amuna awo anazizika pansi ngati mizati ya khola la ng'ombe. Ngolo yake, yachitsulo, ya mawilo anayi, inali pansi pa mtengo ndipo mbuzi zinkamweramo madzi. Amayiwo ankalankhula kwambiri Chisoli, choncho ba kapitao ndiwo anatilankhulira. Anatimvera mpaka kumapeto, kenako anayankha mwachidule, ndipo ba kapitao anaseka.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti zitsulo mutenge, koma ng'ombe zawo zisagone panja ngakhale tsiku limodzi. Ndipo mbuzi zawo sizinalakwe."

Motero tinagwira ntchito imene sitinaikonzekere. Tinadula mizati ya mupani, n'kumazula kanjanji kamodzi, kuika mtengo, kuzula kena, kuika mtengo. Ulendo umodzi sunakwane. Tinabwerera kangapo, ndipo ulendo womaliza tinapita ndi dilamu yodula pakati yoti mbuzi zizimweramo. Amayiwo anaithira madzi, anadikira kuona ngati ikudontha, ndipo ataona kuti sikudontha anatiloza ngolo ija ndi chibwano.

Kuyala njanjiyo kutsogolo kwa sitolo kunali m'manja mwa ba kapitao. Anasalaza pansi, anathira miyala yoswa, anagoneka mitengo yopingasa, ndipo tinjanji topindika anatiwongola poika pamoto ndi kumenya ndi nyundo. Sankafulumira. Ankagona pansi chamimba, diso limodzi lotseka, kuyang'ana mzere, n'kutiuza kuti tikwezeko pang'ono apa. Amayi a pamsika ankabwera kudzaonerera atanyamula mabeseni awo a tomato. Njanji yonseyo ndi yaifupi, munthu amaimaliza asanamalize kupereka moni, koma ngolo inayenda.

Vuto linabwera ndi chithunzi. Mphunzitsi mnzanga, pokonza sutikesi ya malemu atate ake, anapeza chithunzi cha injini itagona m'dambo, anthu ataima pamwamba pake. Atate ake anali gadi wa sitima yomwe ija. Anabwera nacho kumsonkhano osadziwa kanthu, ndipo chinayenda m'manja mpaka chinafika kwa ba dalaivala. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ichi chipachikidwe pakhomo penipeni," anatero. "Ndipo pansi pake mulembe kuti njanji inali yosasamalidwa."

Ba kapitao anayankha akuyang'ana ine. "Ba ticha, muwauze kuti pakona paja panali chikwangwani cha liwiro. Ndinachizika ndi manja anga."

"Muwauze kuti chikwangwani sichigwira dothi likamapita ndi madzi."

"Muwauze kuti sitima ziwiri zinadutsapo m'mawa womwewo osagwa."

Amayi ena anati chithunzicho chibwerere m'sutikesi, tisadzutse zogona. Ine sindinafune. Pa zinthu zonse zimene tinasonkhanitsa, chimenechi chokha ndicho chinali ndi anthu ake amoyo m'chipinda momwemo. Ndinati chithunzi chipachikidwa, ndipo pansi pake padzakhala mapepala awiri, lina la mawu a ba dalaivala, lina la mawu a ba kapitao, aliyense monga akunenera yekha. Ine sindidzawonjezapo kanthu chifukwa kunalibe ine.

Ba kapitao anati zili bwino, bola pepala lawo likhale kumanja. Ba dalaivala anaimirira, anavala chipewa. "Manje mwanditenga ine, munthu amene ndinali m'injinimo, mwandilinganiza ndi munthu amene anafika zitachitika kale." Anatuluka, ndipo dzinja lonse sanabwerenso. Ndinapita kwawo kawiri. Anandilandira bwino, anandipatsa maungu, koma za gulu sanafune kumva.

Chimanga chitayamba kuuma tinamva kuti agwa kumunda ndipo ali m'chipatala ku Mpanshya, mbali imodzi ya thupi yafooka. Ndinakwera minibasi kukawaona. Pa siteji ndinapeza ba kapitao ali ndi kathumba ka malalanje. Anati akupita kukaona mdzukulu wawo amene amaphunzira kumeneko. Sindinafunse zambiri.

Ba dalaivala anali ataonda, ndipo mawu ankatuluka mochedwa, koma mutu unali bwino. Akazi awo anali pambali. Nditakhala pang'ono, ba dalaivala anandifunsa ngati ndabwera ndi foni ija yojambula mawu. Ndinaitulutsa. Anafotokoza za tsikulo kuyambira pamene ananyamuka: mvula ya usiku wonse, fayamani wawo amene anali ndi malungo, mmene anamvera injini ikutsetsereka pansi pa mapazi awo asanaone chilichonse. Sanachepetse kanthu pa mlandu wa njanji.

Ali mkati, ba kapitao analowa, anaika malalanje pakabati, n'kuima kumapazi kwa bedi. Ba dalaivala anawayang'ana, n'kupitiriza. Atafika pa dothi lopita ndi madzi, ba kapitao anati, "Sipanali pamenepo. Dothi linachoka kutsogolo, mutadutsa kale mlatho."

"Iwe unalipo?"

"Ndinayenda pamenepo ndi mapazi dzulo lake."

Anakangana mpaka nesi anabwera kudzatiuza kuti odwala ena akufuna kupuma. Aka kanali koyamba kuwamva akulankhulana okha popanda kudutsira mwa ine. Akazi a ba dalaivala anasenda lalanje limodzi, n'kumapatsa amuna awo pang'onopang'ono. Pobwerera m'minibasi ba kapitao anangodandaula kuti mitengo imene tinagonekapo njanji si yonse ya mupani, ndipo chiswe chiyamba posachedwa.

Sanalakwitse. Chiswe chinadya mitengo ingapo ndipo tinaisintha. Mawu a m'chipatala aja ndinawalemba papepala, ndinakawawerengera ba dalaivala kunyumba kwawo, anakonza malo awiri, ndipo tsopano ali pakhoma kumanzere kwa chithunzi. Ba dalaivala amayenda ndi ndodo, ndipo amabwera kumsonkhano mwana wawo akapeza mpata wowanyamula pa njinga yamoto. Sanasinthe maganizo, ba kapitao nawonso sanasinthe. Anthu akawerenga mapepala awiriwo amandifunsa kuti wolakwa anali ndani, ndipo ndimawauza kuti sindidziwa.

Myuziyamu sinatsegulidwe mwamwambo. Mbali ina ya denga ikadali ndi tenti, ndipo mvula ikayandikira zinthu za pepala ndimapita nazo kunyumba. Timatsegula Loweruka masana ndiponso sukulu ikapempha. Ana amakonda wezulo ndi ngolo, zina zonse amangodutsa. Tsiku lina anakankha ngoloyo mwamphamvu mpaka inapitirira pothera njanji n'kukagumula thandala la amayi ogulitsa mbatata. Ndinakapepesa ndi kutola mbatatazo pamodzi nawo. Sabata yotsatira ba kapitao anazika chipika chachikulu kumapeto kwa njanji, ndipo ine ndinagula tcheni ndi loko. Madala awiri a m'gulu amwalira chaka chino ndisanawajambule mawu mokwanira, choncho masiku ano Loweruka m'mawa ndimayamba ndapita kumidzi ndi foni, kenako n'kubwera kudzasesa m'sitolo.