Danga Lomaliza Linatsika Mzere Umodzi

Sukulu ndinayamba mochedwa, ndevu zitamera kale. Choncho pamene ndinapeza ukalaliki pachipata cha Mchinji, m'zaka zija za chipani chimodzi, anzanga a muofesi sankabisa kuti akudikira tsiku loti ndilakwitse.

Kuboma kunkachokera pepala la anthu opempha kupita ku Zambia. Linali ndi madanga atatu: dzina, mudzi, ndipo kumapeto mawu akuti "adutse" kapena "agwidwe". Ine ndinkalitayipanso kuti apolisi a pachipata akhale ndi lawo. Kenako mnzanga ankawerenga la kuboma mokweza, ine n'kumatsata langa ndi rula.

Zala zanga zinali za khasu. Kuti ndifulumire, ndinkatayipa mayina onse kutsika mpaka pansi, n'kubweza pepala m'mwamba, n'kutayipa midzi, n'kubwezanso. Tsiku lina pobweza kuti nditayipe danga lomaliza ndinapyola mzere umodzi.

Mnzangayo anawerenga mayina ndi midzi yokha. "Zinazo n'zodziwikiratu, madala," anatero, "njala yandipha ine." Koma rula yanga inandionetsa. Danga lomaliza lonse linali litatsika, ndipo "agwidwe" wa munthu wina anagwera pa mlimi wa ku Chiosya. Bwana anali ataima pakhomo, wapolisi atatambasula kale dzanja. Kunena kuti ndalakwitsa pepala la boma masiku amenewo sikunali kungochotsedwa ntchito. Akanafunsa amene wandituma. Ndinapinda pepalalo n'kulipereka.

Mlimiyo anafika panjinga m'mawa mwake, akupita kumaliro a mlongo wake ku Chipata. Ndinamuona pawindo akuvula chipewa, akupereka moni kwa apolisi. Apolisiwo anamugwira n'kumukweza galimoto. Njinga yake inatsamira khoma la ofesi yathu mpaka matayala anaphwa.

Patapita milungu, mkazi wake anabwera, chitenje chili fumbi lokhalokha. Anagwada pafupi ndi tebulo langa.

"Bambo, taonaninso papepalapo. Amuna anga khadi la chipani ali nalo, pamsonkhano sajomba."

Mapepala onse awiri, la kuboma ndi kope la langa lija, anali m'dirowa yanga. Ndikanangowayala pamodzi, ngakhale iye wosadziwa kuwerenga akanaona pamene mizere yasiyana. Ndinatulutsa langa lokha, ndinaika rula pansi pa dzina la mwamuna wake, ndi kuyendetsa chala mpaka kumapeto.

"Mayi, zalembedwa pano," ndinatero. "Ife timangokopera."

Anandithokoza, n'kupepesa pondivutitsa, n'kupempha ngati angatenge njingayo. Bwana anakana.