Kompyuta imene ndinaonetsa bambo

Bambo anga anagulitsa ng'ombe zawo ziwiri zolimira mpunga ku Kaporo kuti ndikaphunzire kulemba mapulogalamu a kompyuta kukoleji ina ku Blantyre. Zinali zaka za chipani chimodzi zija. Asanagulitse anandifunsa kawiri konse, "Mwanangu, sukuluyi idzabweza ng'ombezi?" Ine ndinachita kulumbira.

Ntchito ndinaipeza pa Karonga boma, ya ukalaliki, mu ofesi yopanda kompyuta ngakhale imodzi. Ndinkangotaipa makalata.

Tsiku lina bambo anatulukira, mapazi ali mbuu, zikhatho zitauma ndi khasu. "Undionetse makina ako aja," anatero.

Ndinaloza taipilaita. Ine, ndi dipuloma yanga yonse, ndinaloza chitaipilaita chakale chimene chinkakakamira tikafika pa chilembo cha e! Mayi Phiri, mnzanga wa ku Dedza amene tinkakhala tebulo limodzi, anangoweramira m'mafayilo.

Bambo anavula chipewa. Anaisisita taipilaitayo pamsana pang'onopang'ono, monga ankasisitira ng'ombe zawo zikaweruka kumunda.

"Ndi yaing'ono," anatero, "koma uziisamala."

Anamwalira ndisanawauze zoona.