Tsiku la Geti, Fintan Anali ku Nyanja

Anzanga, Fintan ndinamuona koyamba ali pamakwerero m'munda mwathu, akukwapula nthambi ya azitona ndi ndodo ngati yamulakwira.

"Achimwene, tsikani," ndinatero. "Mtengowo ndi wamkulu kuposa agogo anu. Sitiumenya, timaupesa ndi zala."

Anatsika nkhope ili psuu. "Ndiye mundiphunzitse, aphunzitsi."

Anali mnyamata wa ku Ireland, mmodzi mwa alendo asanu ndi awiri amene anabwera m'mudzi mwathu, kufupi ndi Salfit kuno ku Palestina, kudzatithandiza kukolola. Okutobala aliyense amabwera otere, makamera pachifuwa. Ine Sawsan ndimawamasulira nkhani chifukwa Chingerezi ndimachitha.

Mnyamatayo ntchito ankaigwira, ndisaname. Ankanyamula matumba a bambo anga, a Abu Majdi, osawalola kuwerama. Buledi wa mayi woviika m'mafuta ankamudya mpaka kunyambita zala. Bambo, amene sayamikira munthu wamba, anati, "Mzungu uyu manja ake ndi a mlimi."

Tsiku lina masana tikusankha masamba pa lona, anandinong'oneza.

"Sawsan, ine sindinabwere kudzaona malo ngati enawa. Ndinabwera kudzaima nanu. Ndipo chaka chamawa ndibweranso, ndikalankhule ndi bambo ako."

"Iwe, Chiarabu chako chingathamangitse ndi mbuzi zomwe."

"Ndiphunzira. Chifukwa cha iwe."

Ndinakomedwa, anzanga. Ndinamugulira mpango wachikhalidwe chathu, wakuda ndi woyera, n'kusokapo dzina lake m'mphepete ndi manja angawa.

Tsono mitengo yathu yobereka kwambiri ili kuseri kwa geti, m'munsi mwa nyumba zatsopano zimene atsamunda anamanga paphiri. Asilikali amatilola kulowako masiku awiri okha pachaka, ndipo mafuta odya banja lathu chaka chonse amachokera komweko. Pakakhala mlendo wa pasipoti yakunja ndi kamera, anyamata a paphiri aja amaima patali. Pakapanda mlendo amatsika kudzativutitsa. Fintan ankazidziwa zonsezi, ndinamufotokozera ndekha.

Uthenga wa asilikali unabwera: atsegula geti Lachitatu ndi Lachinayi.

Ndinathamanga kukamuuza. Anayamba kukanda m'mutu.

"Eeh... Lachitatu gulu lathu likupita ku Yerusalemu, kenako ku Nyanja Yakufa. Basi yake tinaibukitsa kalekale."

"Fintan, ndi tsiku la geti."

"Babe, ndanyamuka kutali. Ndibwerere osaona Yerusalemu?"

"Ine ndinabadwira pompano, ulendo wa ola limodzi, koma sindinapondeko, asilikali satilola."

"Ndikakujambulira zithunzi zambiri. Lachinayi m'mawa undipeza pageti, ndikulumbira."

Anapita onse asanu ndi awiri, mipango ili m'khosi.

Lachitatu tinalowa anayi: bambo, mayi, azakhali ndi ine. Tinkathyola ngati akuba m'munda mwathu momwe. Isanakwane teni koloko tinamva agalu. Anatsika anyamata asanu, nkhope zokulunga, ndodo m'manja. Mmodzi anagwedeza makwerero bambo ali pamwamba.

Mpaka lero ndimamva mmene mkono wa bambo unalirira atagwera pamwala.

Matumba anawang'amba ndi mipeni. Asilikali atafika anati kwachitika chisokonezo, choncho Lachinayi lathetsedwa, aliyense atuluke. Tinatuluka ndi matumba atatu. Chaka chatha tinatuluka ndi makumi anayi.

Kuchipatala, akuwaika bambo chikhakha, ndinatsegula foni kuti ndimuuze Fintan. Sindinafike n'polemba. Chithunzi chimene anaika pa intaneti chinali pamwamba penipeni: akuyandama chagada pamadzi, matope kumaso, mano onse panja, mpango wanga uja kumutu.

Pansi pake analemba kuti, "Mtima wanga uli ndi alimi a Palestina."

Anthu mazana anayi anali atadina kale kamtima. Wina mpaka analemba kuti, "Ndiwe ngwazi, dzisamalire kumeneko!"

Ndinaseka, anzanga. Kuseka koipa, mpaka namwino anatembenuka.

Lachisanu anabwera kunyumba ndi kabotolo ka matope a kunyanja, ati amasalalitsa khungu.

"Sorry kwambiri, bambo. Ndikanadziwa..."

Bambo sanamuyang'ane. Mnyamatayo asanakhazikike n'komwe pampando, anandiitana.

"Sawsan, mlendoyu khofi."

Mayi anagwira pakamwa. Kwathu mlendo timayamba naye ndi tiyi, zipatso, macheza. Khofi amabwera pomaliza, ndi wotsanzikirana. Akakupatsa khofi usanafunditse mpando, akukuuza kuti khomo ndi ilo, ndipo usadzabwerenso. Bambo anga sanachitepo zimenezi kwa munthu chibadwire.

Ndinabweretsa kakapu kamodzi.

Fintan anamwa, n'kumwetulira, misozi ikulengeza.

"Ndimadziwa kuti mundikhululukira. Ndinu anthu a mtima wabwino kwabasi. Sawsan, ndingawonjezereko kena?"

Kenako anatulutsa foni, n'kusendeza kakapu kaja pafupi ndi chikhakha cha bambo.

"Musasunthe, bambo. Dziko liyenera kuona izi."

Chikondi changa chinathera pomwepo. Milungu inayi akudya m'nyumba mwathu, sanaphunzire ngakhale mmene timathamangitsira munthu. Ndinaphimba foniyo ndi dzanja, n'kumuuza m'chilankhulo chake chomwe kuti anyamuke.

"Koma ndalakwanji tsopano?"

Ndinangomutsegulira chitseko.

Pano ali kwawo, akuti akuyenda m'masukulu kufotokoza zimene anaona. Ine ndikakwera padenga kukayanika zovala ndimaiona mitengo yathu kuseri kwa geti, azitona akudetsa pansi, akuwola. Mkono wa bambo sunawongokebe, ndipo mafuta a buledi mayi akuthira ndi kasupuni.

Zimandipweteka, anzanga, chifukwa ndinamukhulupirira ndi mtima wonse. Munthu akadzakuuzani kuti ali nanu, musathamangire kuthokoza. Mufunseni kuti tsiku liti.