Mafilimu a Amayi ndi Mwana wa Eni

Bambo atamwalira, amayi anatsala okha m'nyumba ya ku Matawale. Ine ndinali pabanja ku Chinamwali, ndipo ntchito yanga ya mu ofesi m'tauni inkangondilola kuwaona Loweruka. Ndine ndinawaumiriza kuti tikonze kanyumba kakuseri, momwe bambo ankasungamo njinga ndi makasu, kuti mulowe munthu wa lendi. Ndinkafuna kuti pakhomo pazimveka phazi la munthu wina. Amene analowa anali mtsikana wa ku yunivesite, wochokera kumpoto, woonda, wovala magalasi, wosakonda zolankhulalankhula. Nditamuona ndinati uyu ndiye wabwino, sadzawasokosera amayi.

Patapita miyezi ingapo, Loweruka lina masana, ndinafika ndi jumbo ya nyama ndi tomato. Ndinaodira pakhomo koma panalibe woyankha. Makatani a pabalaza anali otseka dzuwa likuswa mtengo. Nditalowa ndinapeza amayi ndi mtsikana uja atakhala pa sofa imodzi, laputopu ili pa kampando patsogolo pawo. Amayi anangokweza dzanja osandiyang'ana, kutanthauza kuti ndakuona, khala pansi.

Ndinakhala. Pa laputopupo panali mwamuna akuyenda m'chinyumba chachitali chopanda mazenera, uku ndi uku muli anthu ogona pa mabedi osanjikizana. Ankayenda pang'onopang'ono, kuima, kutembenuza wogona mmodzi, kumuongola mkono, kenako n'kupitirira. Panalibe nyimbo, panalibe wolankhula. Kankangomveka kamkokomo kotsika ngati ka firiji, ndi nsapato zake.

"Kodi chikuchitika n'chiyani?" ndinafunsa.

"Mpweya wa dziko lawo unaonongeka, achemwali," mtsikanayo ananong'ona. "Ndiye anthu onse anawagoneka tulo ta zaka zambiri, kudikira kuti kunja kuyere. Uyu yekha ndiye anamusiya ali maso kuti aziwasamala."

"Ndiye kenako?"

"Ndi zomwezo."

Ndinaseka. Palibe amene anaseka nane. Amayi anga amene ndinkawadziwa ankakonda mafilimu a ku Nigeria, aja a apongozi ankhanza ndi maukwati osokonekera, ndipo ankaonera akukalipira anthu a pa kanema ngati akuwamva. Chingerezi chawo n'chochepa. Koma apa anali zii, chibwano chili pa dzanja, ngati ali m'tchalitchi.

Ndinanyamuka kukaika nyama pa moto. Khitchini ya amayi imayang'anana ndi pabalaza, ndipo filimu itatha ndinawamva akuyamba kulankhula.

"Waona mmene amayambira pa phewa, mwanangu? Amene anapanga filimuyi anadwazikapo. Ukayamba ndi miyendo umamupweteka munthu. Malemu aja ndinkawatembenuza choncho. Ndipo nthawi zonse ndikawagwira pa phewa ankati, 'Pepani mayi, ndakulemetsani.' Ine n'kumati, mwandilemetsa liti? Koma msana unkawawa ndithu. Tsiku lina ndinatuluka panja n'kukakhala kuseri kwa bafa, osafuna kubwereranso m'nyumba. Ndinakhalako mpaka anandiitana."

Mpeni unaima m'dzanja langa. Matenda a bambo onse ine ndinalipo. Ndine ndinkathamanga ndi mankhwala, ndine ndinkafuna galimoto yopita kuchipatala. Maliro atatha ndinkawafunsa amayi kawirikawiri kuti mumtima muli bwanji, iwo yankho lawo linali limodzi: "Mulungu alipo." Za kuseri kwa bafa sindinazimvepo. Ndipo lero ankazikhuthulira mwana wa eni, amene bambo sanamuonepo ndi diso limodzi lomwe, uku akumutchula kuti mwanangu.

Nyama ya tsiku limenelo inapserera. Amayi anati ndachulutsa moto.

Loweruka lotsatira ndinabwera nditakonzeka. Mnzanga wa ku ofesi anandiikira pa fulashi mafilimu atsopano, a phokoso, a akazi awiri olimbirana mwamuna mmodzi. Ndinalumikiza pa TV ya amayi, ndinakweza mawu. Anaonera mwaulemu. Pena ankaseka. Koma pakati pake ananyamuka kukaanula zovala, ndipo pobwera sanafunse kuti zatha bwanji.

"Simunaikonde?" ndinatero.

"Ndi yabwino," anatero. "Koma imathamanga ngati minibasi yolimbirana anthu a ku Blantyre. Usanaganize n'komwe, aimba kale nyimbo yokuuza kuti apa lira. Ukati ulire, ayamba kumenyana."

"Nanga zija za anthu ogona? Mumamvapo chiyani? Ngakhale Chingerezi chake..."

"Muli Chingerezi chanji mmene muja? Munthu amayenda, ine ndimayenda naye. Akaima, ndimaganiza zanga. Palibe wondifulumiza." Anapinda chitenje chimene anali nacho m'manja. "Komanso kumene kuja si kuno. Kulibe amene ndikumudziwa. Ndikaona maliro a mu filimu yako ndimaona nyumba ino, ndiye ndimathawitsa maso. Koma dziko lija n'lachilendo, ndimatha kuliyang'ana mpaka mapeto."

Ndinafuna kunena kuti inenso mungandiuze zanu, sindikufulumizani. Koma ndinadziwa kuti ndikhala ndikunama, chifukwa ndinali nditayang'ana kale nthawi pa foni.

Mtsikana uja ndinamupeza pa mpopi akutsuka mbale. Ndinamufunsa ndi mawu amene ndinkayesa kuti ndi ocheza, kuti kodi zinthu zozizira ngati zimenezi anaziyamba bwanji.

"Ku sukulu phokoso ndi lambiri, achemwali," anatero. "Aliyense akufuna umve zake. Ndiye ndikafika kuno ndimafuna chinthu chosandikuwira. Komanso mafilimu enawa ukaonera poyamba umadziwiratu pothera. Awa ayi. Ina timatha kuonera mpaka kutha, ine n'kunena kuti munthu uja wafa, amayi n'kunena kuti ayi, wangofika kwawo. Timatsutsana mpaka mawa lake."

Anati amayi. Sanati amayi anu. Ndinamuthandiza kunyamula beseni, koma mumtima ndinkawerenga miyezi yotsala kuti amalize sukulu.

M'nyengo yozizira ndinaganiza zochita chinthu chimene laputopu singachite. Ndinapempha bambo a kunyumba kwanga kuti abwereke galimoto kwa mnzawo, tiwatengere amayi pamwamba pa phiri la Zomba. Amayi anakulira m'munsi mwa phirili, koma kukwera pamwamba anali atakwerako kamodzi kokha ali mtsikana. Mwana wa lendi sindinamuitane. Ndinanena kuti malo m'galimoto ndi ochepa, ndipo zinali zoona ndithu, poti ana anga analinso momwemo.

Tsikulo kunadzuka chiperoni. Tikukwera msewu wokhotakhota uja, nkhungu inayamba kutsika, ndipo pofika m'mitengo ya paini tinkangoona mitengo yoyandikira msewu, ina yonse itamezedwa. Pa malo oonera tauni panalibe choona. Pansi ponse panali poyera ngati ufa. Ana anayamba kudandaula za kuzizira n'kubwerera m'galimoto ndi bambo awo.

"Pepani amayi," ndinatero. "Tasankha tsiku loipa. Tiyeni tizipita."

"Taima kaye."

Anaima m'mphepete atafunda shawelo yawo ya kutchalitchi kumutu. Madzi ankadontha m'mitengo. Kutali kwinakwake kunkamveka nkhwangwa, kenako galu, koma osaoneka. Tinaima nthawi yaitali mpaka zala zanga zinachita dzanzi. Mwadzidzidzi nkhungu inang'ambika pang'ono, n'kuonetsa madenga a malata pansi patali, tinyumba tating'ono ngati tamachesi, ndipo tisanaloze n'komwe kuti Matawale ndi uko, inatsekanso.

Amayi anapuma mozama. Nkhope yawo inali yowala mmene sindinaionere chimwalirireni bambo. Mumtima ndinati lero ndapambana. Anatembenuka n'kundigwira mkono.

"Ee, koma akanakhalapo mwana uja," anatero. "Izi ndiye zake zenizeni."

Potsika amayi anaimitsa galimoto pamene anyamata amagulitsa masitiroberi, anasankha okha kambale kofiira bwino, n'kukafungatira pa miyendo ulendo wonse. Ana anga atapempha anawapatsa limodzilimodzi, n'kunena kuti otsalawo ali ndi mwini wake. Ine ndinayang'ana pawindo mpaka m'tauni. Bambo a kunyumba anandifunsa madzulo ake kuti chavuta n'chiyani, ndinati mutu.

Mtsikana uja anamaliza mayeso ake n'kupeza ntchito ku Blantyre. Tsiku losamuka amayi anamuperekeza mpaka pa siteji, ndipo pobwera maso anali ofiira. Sindibisa, ine ndinapepukidwa. Mtsikanayo anawasiyira mafilimu ake pa fulashi, ndipo poti amayi sankadziwa kulumikiza, ntchitoyo inagwera ine. Ndinati tsopano malo aja pa sofa ndi anga.

Tinatseka makatani. Filimu imene tinasankha inali ya mayi wina wokalamba wokhala yekha pa dziko la fumbi lofiira, amene m'mawa uliwonse ankapukuta chimbale chachikulu cholandirira mauthenga, mauthengawo osabwera. Ndinalimbikira. Ndinazimitsa foni. Ndinaletsa pakamwa panga kufunsa. Ndinaona mayiyo akukwera makwerero, akupukuta, akutsika, mphepo ikuwomba. Kenako ndinamva amayi akundigwedeza, makatani atatsegulidwa kale.

"Wagona bwino," anatero, osakwiya n'komwe. Anali atandifunditsa chitenje ndili m'tulo. Kenako anatenga foni yawo n'kutuluka pakhonde, ndipo ndinawamva akuseka ndi mtsikana uja pa foni. "Ayi mwanangu, uthenga uja unabwera. Sunaone mmene anasiyira nsalu pansi? Iwe sunaonetsetse."

Ndinayesanso maulendo ena. Pena ndinkafika pakati ndili maso, ndipo kamodzi ndinaona ndithu chimene amayi ankanena, pamene munthu wa mu filimu anangokhala pansi kumvetsera mvula, ine n'kupezeka ndikuganiza za bambo akupopa njinga pakhonde. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze amayi, koma iwo anali kutali ndi maganizo awo, ndipo ndinaopa kuwadula.

Chaka chatha mtsikana uja anakwatiwa. Mayi ake omubereka anamwalira kalekale, zimene ine ndinazidziwa mochedwa, ndipo anapempha amayi kuti akakhale ku tebulo la makolo pamodzi ndi azakhali ake. Ndine ndinapita nawo kwa telala, ndine ndinawaperekeza pa minibasi ya ku Blantyre. Mu holo anawatenga n'kupita nawo kutsogolo, ine anandilozera mpando wa kumbuyo pafupi ndi masipika. Ndinaonera amayi anga akuvina pelekanipelekani wa mwana wa eni, akulira ndi chimwemwe.

Mwambo utatha, mkwatibwi anabwera kudzandikumbatira, atagwira mwamuna wake pa dzanja.

"Awa ndi achemwali anga a ku Zomba," anatero.

Mkwatiyo, mnyamata wojintcha wansangala, anandipatsa moni ndi manja awiri. Amayi ndi mkwatibwi atayamba kunong'onezana zawo, iye anawerama n'kundifunsa motsitsa mawu:

"Achemwali, inu mafilimu awo aja mumawamva? Ine amandiikira, koma ndikangoona munthu wayamba kuyenda m'chipululu, basi ndapita."

Ndinamugwira dzanja mwamphamvu. Ndinamuuza kuti akadzabwera ku Zomba adzafikire kwanga ku Chinamwali, awiriwo tidzawasiye ku Matawale ndi makatani awo.